A Mukhuna, Owerenga Zikhomo m'Chiperoni

Ndinataya mkazi wanga, Edina, mwezi wa Meyi chaka chatha. Ndinataya nyumba imene tinamanga pamalo a amayi ake, cha kuseri kwa Khonjeni. Ndinataya dzina loti mkamwini, limene poyamba ndinkadana nalo. Loweruka lapitali tinaika m'manda amalume ake, a Mukhuna.

Za Edina sindinena zambiri. Ndikulemba za a Mukhuna, chifukwa onse amene analankhula pamaliro awo ananena zofanana: kuti anali munthu wa mawailesi wa ku esiteti ya tiyi, wosachedwa pantchito, wosajomba ku tchalitchi. Zonsezo nzoona. Koma palibe amene anatchula miyezi itatu yachisanu imene ankakwera phiri ali ndi mtima wodwala. Amene ndikuidziwa bwino nkhaniyo ndine, chifukwa masiku onsewo ndinali tsidya lina la chigwa.

Anali munthu wamfupi, wowonda, wovala jasi lotuwa la ku wekishopu ngakhale Lamlungu masana. Ntchito yawo inali yosamala mawailesi olankhulirana amene ankalumikiza fakitale, maofesi a m'madivishoni, kiliniki ndi mathirakitala. Othyola tiyi ankawatcha a Ova, chifukwa mawu oti ova, otsekera pawailesi aja, anawalowa m'kamwa. Edina ankati tsiku lina anatseka nawo pemphero la chakudya, anthu nkumadikira ameni amene sanabwere.

Anali amantha. Sindikunena mantha a njoka kapena a anthu. Ankaopa chinthu chimene chingalakwike iwo atatembenuka. Loko wa wekishopu ankamukoka katatu, kuyenda pang'ono, nkubwereranso kukamukoka. Batire laling'ono ankalilawa ndi lilime ngakhale mita itanena kale kuti lili ndi moto. Kapitawo akabwera ndi wailesi yoti yafa, ankayamba amufunsa ngati wapolisi: unaiika pati, inanyowa liti, unaizimitsa? Ankakonda kunena kuti chipangizo sichinama, amene amanama ndi munthu wochiwerenga, makamaka akatopa kapena akamafunitsitsa kuti zimukomere.

Ine sanandikonde msanga. Ndinachokera ku Ntcheu kudzaphunzitsa masamu pa sekondale, ndipo nkhani ya ukwati itafika kwa iwo monga mwinimbumba, sanayambe ndi kufunsa za kwathu kapena za mpingo.

"Aphunzitsi, mwanayu akafuna kupita kunja zaka zinayi, inu mudzatani?"

"Ndidzadikira."

"Chaka choyamba aliyense amadikira. Ine ndikufunsa chachitatu."

Sindikukumbuka chimene ndinayankha. Ndikukumbuka kuti kuchokera tsiku limenelo mpaka kumwalira kwawo sananditchulepo dzina langa. Ndinali aphunzitsi basi.

Chifukwa cha funso lija ndinachimva patapita nthawi, tikuyenda m'njira ya m'tiyi, ndipo anachinena kamodzi kokha. Ali mnyamata ankagwira ntchito m'labu ya koleji ina ku Blantyre, kukonzera ophunzira zipangizo za sayansi. Mphunzitsi wina anaona kuti manja awo ndi mutu wawo zikuposa za ophunzirawo, nawapezera malo oti akaphunzire kunja. Mwezi woti anyamuke usanakwane, mlamu wawo anamwalira, kusiya achemwali awo ndi ana anayi, Edina ali wakhanda. Anabwerera kumudzi, nalowa ntchito ku esiteti. Sanadandaule. Anangoti amene anapita m'malo mwawo tsopano ndi pulofesa, ndipo masiku amenewo munthuyo sankadziwa ngakhale kusenda waya.

Edina anaphunzira kuwotcherera mawaya m'wekishopu mwawo asanalowe sekondale. Pamene ine ndinkamudziwa nkuti akuchita digiri yachiwiri ya uinjiniya. Mafoni a m'manja anali atafika, koma netiweki inkagwira pamtunda pokha, ndipo m'zigwa munthu ankakwera pachulu kuti anene moni. Kafukufuku wake anali wotumiza mauthenga ndi kuwala. Bokosi limodzi limatulutsa kuwala kopyapyala ngati ulusi, lina lili patali limakulandira, popanda waya kapena ngalande pakati. Mdani wa njira imeneyi ndi nkhungu. Funso la Edina linali limodzi: nkhungu ya chiperoni imadya kuwala kochuluka bwanji? Kuno palibe anali atayezapo. Sukulu ina ya ukachenjede ya kunja inali itamulembera kuti akamaliza idzamutenga kuti akapitirize kafukufuku. M'kabuku kamene anatumiza munali chithunzi cha ophunzira atavala zinthu zotseka maso zimene zimakuonetsa malo amene suliko. A Mukhuna anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ukapita kumeneko usakalowe gulu ili," anatero. "Anthu otseka maso kuti aone."

Kayezedwe ka nkhunguko kankafuna anthu awiri. Bokosi lotumiza linkakhala padenga la shedi yakale yoyezerapo tiyi, tsidya lino. Bokosi lolandira linkakhala paphiri pamene panali mlongoti wa mawailesi, ulendo wa ola limodzi wapansi, wotsetsereka kenako wokwera. Pafupi ndi mlongotiwo anakhoma zikhomo makumi awiri zopaka laimu, motsatira kanjira ka m'tiyi, zotalikirana mofanana. Pakatha mphindi khumi ndi zisanu zilizonse, wa paphiri ankawerenga zikhomo zimene akuziona, kuwerenga nambala ya pa mita, kulemba m'kope, nkuuza mnzake pawailesi kuti nayenso alembe. Wa pashedi ankasunga kuwala kuti kusapatuke, chifukwa mphepo ya chiperoni imagwedeza malata. Chaka choyamba Edina ndiye ankakwera. Amalume ake ankatsala pashedi, popeza ku kiliniki anali atawauza kale za mtima wawo. Chaka chimenecho masiku a nkhungu yokhuthala anali ochepa, ndipo panafunika nyengo yachiwiri.

Mlongoti uja unayenera kugwetsedwa nyengo yachiwiriyo isanafike. Manejala wachinyamata amene anabwera nthawi imeneyo anati mawailesi ndi zakale, makapitawo onse apatsidwa mafoni. A Mukhuna sanatsutsane naye mu ofesi. Anamupempha kuti akaone waya wina ku damu, ndipo atafika pansi penipeni pa chigwa anaima.

"Bwana, tayerekezani kuti thirakitala yagubuduka pano. Taimbani ku kiliniki."

Bwanayo anaimika foni m'mwamba, kuzungulira nayo, kukwera pamwala. A Mukhuna anangoima manja ali kumbuyo. Mlongoti unapatsidwa chaka china. Atabwera kunyumba sanasangalale. Anati chaka chimatha, ndipo bwana amene wachititsidwa manyazi saiwala.

Edina anamwalira pangozi ya minibasi mumsewu wa ku Limbe, chiperoni chisanayambe.

Patapita milungu iwiri kunabwera mayi amene ankamuyang'anira pa kafukufuku ku koleji. Anapepesa maliro, kenako ananena zimene anadzera, mosabisa. Mabokosi anali obwereka ndipo anayenera kubwezedwa kumapeto kwa Ogasiti. Miyezo ya nkhungu yokhuthala ikapezeka, iwo adzalemba ntchitoyo m'dzina la Edina kuti isindikizidwe. Ikapanda kupezeka, makope ake adzangokhala m'dilowa.

Tsiku lotsatira ndinapita ku wekishopu ndi pepala limene ndinajambulapo manambala a chaka choyamba.

"Amalume, taonani. Manambalawa akutsata mzere. Tikhoza kuupitiriza mzerewu mpaka ku nkhungu yokhuthala. Masamu amalola."

"Masamu amalola kulemba kuti Edina anaona chimene sanaone?"

"Tilemba kuti ndi zoyerekeza."

"Ndiye owerengawo adzati ku Thyolo nkhungu amaiyerekeza ali m'nyumba." Anandibwezera pepala lija. "Mzere wanuwo ukhoza kukapindika kutsogoloko. Simudziwa inu, sindidziwa ine. Nchifukwa chake mwanayu ankakwera."

Ndinawauza kuti sindingathe kupirira kuona mabokosi amenewo m'mawa uliwonse. Anati nawonso sangathe, ndipo anandifunsa ngati ahedi angasunthire maphunziro anga masana.

Kumudzi nkhani inavuta. Mkamwini amene mkazi wake wamwalira popanda mwana amasudzulidwa, nkubwerera kwawo. Amayi a Edina ankafuna kuti zichitike mwezi wa Juni. Sankandida. Kundiona ndikutuluka m'nyumba ya mwana wawo kunkawapweteka, ndipo anthu anali atayamba kunena kuti wa ku Ntcheu uja akukakamira malo. Koma mwambowo sukanachitika popanda mwinimbumba, ndipo mwinimbumba anakana. A Mukhuna ndi achemwali awo anakangana pakhonde m'Chilomwe, ine nditakhala pampando pomwepo, osamva china koma mawu oti aphunzitsi. Kenako apongozi anga anatembenukira ku Chichewa kuti nanenso ndimve.

"Achimwene, mwana wanga wafa akuthamangira mabokosi amenewa. Mukufuna atengenso wina?"

"Mkamwini asudzulidwa chiperoni chikatha."

"Mwambo umenewo ngwakuti?"

"Ngwa chaka chino."

Achemwali awo sanawalankhule mpaka Ogasiti. A Mukhuna ankadziwa kuti ndikasudzulidwa ndichoka, ndipo sanalakwitse, chifukwa kalata yopempha kusamutsidwa ndinali nditalemba kale.

Ndinanena kuti wokwera phiri ndikhala ine. Sanakane. Anangoti tiyese kaye. M'mawa wina wa nkhungu, Meyi asanathe, tinakwera tonse, nkuima pamalo amodzi.

"Werengani, aphunzitsi."

Ndinawerenga zikhomo zinayi.

"Seveni," anatero.

Ndinavula magalasi anga, kuwapukuta, kuwerenganso. Zisanu ndi chimodzi. Pamene ndinkati nditsimikize, magalasi anali atachitanso mame. Popanda magalasi sindinkaona ngakhale chachiwiri. Iwo ndi Edina anali atayesana kangapo chaka choyamba, ndipo maso awo ankagwirizana. Anati miyezo ya chaka chino ikawerengedwa ndi maso ena sidzalumikizana ndi ya chaka chatha, ndipo ntchito yonse idzakhala yachabe. Ndinawakumbutsa za mtima. Anati mtima aziyenda nawo pang'onopang'ono. Panali chinthu china chimene ndikanawauza tsiku limenelo. Sindinachinene.

Juni yense anatha ndi dzuwa. Kunkazizira, koma kumwamba kuli mbee. Othyola tiyi ankayamika kuti chaka chino sakunyowa, ife awiri tikuyang'ana kumwera chakum'mawa ngati anthu odikira mlendo amene mwina anasintha maganizo. A Mukhuna ankatchaja mabatire odzaza kale. Ankapita kukapakanso laimu zikhomo zoyera kale. Tikakumana sankapereka moni, ankangowerenga nthawi yotsala kuti mabokosi abwezedwe: "Masabata naini," kenako "Masabata eyiti." Ine ndinkaopa ziwiri. Ndinkaopa kuti chiperoni sichibwera, ndipo ndinkaopa kuti chibwera.

Chinabwera mu Julayi, masiku atatu otsatizana, nkupuma, nkubweranso. Ankanyamuka kusanache bwino, jasi lotuwa pamwamba pa juzi ziwiri, kope m'pepala la pulasitiki. Ulendo wa ola limodzi unkawatengera awiri. Ine ndinkakwera padenga la shedi, kuyatsa bokosi, nkudikira mawu awo. Akafika sankalankhula msanga. Ndinkamva wailesi ikutseguka, mpweya wawo ukulowa ndi kutuluka, kenako: "Shedi, shedi, kuno ku phiri. Sunthirani kumanja pang'ono. Pang'ono, aphunzitsi, si chitseko chimenecho. Basi. Ova."

Tsiku limene ndikufuna kulemba linali Lachinayi, kumapeto kwa Julayi. Nkhungu inali yokhuthala kuposa masiku onse. Ndili padenga sindinkaona mitengo ya tiyi imene inali pansi panga. Ili ndilo tsiku limene Edina analidikira chaka chathunthu osalipeza. Mawu a a Mukhuna ankamveka opepuka ngati a mnyamata.

"Zikhomo thili." Anatchula nambala ya pa mita. "Mwalemba? Bwerezani. Ova."

Ndinabwereza. Patatha mphindi khumi ndi zisanu anati zikhomo ziwiri. Ndinalemba. Nthawi yotsatira itakwana, wailesi sinalankhule.

Ndinadikira mphindi imodzi, chifukwa mwina wotchi yanga inali patsogolo, ngakhale ndinkadziwa kuti anaitchera okha m'mawa womwewo. Ndinaitana. "Phiri, phiri, kuno ku shedi." Kunali phokoso la wailesi lokha. Ndinaitananso. Ndinaitana ku kiliniki, koma wailesi ya kumeneko nkuti ataichotsa kale mwezi umenewo.

Lamulo lawo linali loti wa pashedi sachoka zivute zitani, chifukwa kuwala kukapatuka mu nkhungu yotere sikupezekanso mpaka kuyere, ndipo tsikulo latayika. Ndinaima pamwamba pa makwerero, phazi limodzi pansi pa linzake. Mphepo inkakankha malata, ndipo dzanja langa linali pa bokosi. Ndinadziuza kuti mwina batire lawo latha. Munthu amene amalawa mabatire ndi lilime. Ndinadziuza kuti ngakhale nditathamanga ndifika patatha ola. Nthawi yachiwiri inakwana, nkudutsa. Ndinaitana ndi dzina limene Edina ankawaitanira, osatsata za shedi ndi phiri. Palibe anayankha.

Sindinachoke. Ndikulemba zimenezi monga zinachitikira. Kwa theka la ola ndinasunga kuwala kuti kusapatuke, osadziwa ngati tsidya linalo kuli munthu wamoyo.

Nthawi yachitatu itakwana, wailesi inatseguka. Kunamveka kupuma, kwanthawi yaitali.

"Chikhomo wani." Anatchula nambala. "Kuwala kulipo. Mwasunga bwino. Ova."

"Amalume, chachitika nchiyani?"

"Ndinakhala pansi pang'ono."

"Tsikani. Ndikubwera kudzakuchingamirani."

"Mukachoka pamenepo musadzandilankhulenso. Bwerezani nambala."

Ndinabwereza nambala. Tinapitiriza mpaka nkhungu inayamba kupepuka cha m'ma leveni, ndipo pamenepo ndinathamanga. Ndinawapeza atakhala patsinde pa mlongoti, milomo ili yotuwa, jasi lili ndi matope mbali imodzi kuyambira paphewa mpaka pabondo. Anandipatsa kope kuti ndifananitse ndi langa. Mizere iwiri inali yopanda kanthu. Pambali pake analemba kuti wowerenga anadwala.

Nambala ya pamwamba pa mpatawo ndi ya pansi pake zinali zoyandikana kwambiri. Mwana wa Fomu 2 akanatha kudzaza mizere iwiriyo. A Mukhuna anaona pamene ndinali kuyang'ana.

"Musayerekeze," anatero.

Tinatsika maola atatu, akupuma pa mzere uliwonse wa mitengo ya mthunzi. Anandiletsa kuuza achemwali awo. Ndinamvera. Loweruka chiperoni chinagwanso, ndipo anakweranso, ine nkukweranso padenga. Anakwera kasanu ndi kamodzi pambuyo pa tsiku lija. Nthawi iliyonse wailesi ikachedwa ndi sekondi zingapo, ndinkaika phazi pa makwerero, koma m'mawa wotsatira ndinkayatsa bokosi.

Mabokosi anabwezedwa pa nthawi yake. Mlungu wotsatira anandisudzula, zonse mwadongosolo, pamaso pa abale anga amene anabwera kuchokera ku Ntcheu. Polankhula monga mwinimbumba ananena zimene zimanenedwa, kuti ndine womasuka, kuti pakhomo pano sindinalakwe. Kenako anawonjezera kuti aphunzitsiwa akauzidwa kuti asachoke pamalo sachoka. Abale anga anaona ngati nkundiyamikira wamba. Ine ndinayang'ana pansi.

Kalata yosamutsidwa sindinaitumize. Ndinachita lendi kachipinda pa Khonjeni, ndipo Loweruka lililonse ndinkapita kukawaona. Phiri sanakwerenso. Pofika Disembala ankapuma kawiri asanafike kumsewu, ndipo miyendo inayamba kutupa. Ku chipatala cha pa Boma anati mtimawo unali wotopa kuyambira kale, ndipo sangathe kunena chimene chinaufulumizitsa. Ndinafunsa kawiri. Anayankha chimodzimodzi.

Mayi a ku koleji aja analemba ntchitoyo, dzina la Edina lili poyamba. Anatiuza kuti mu nkhungu yokhuthala manambala anachoka pa mzere wanga uja, ndipo kupindikako ndiko kunapangitsa kuti ntchitoyo ikhale yofunika. A Mukhuna atamva sanandiyang'ane nkomwe, ndipo ndinawathokoza mumtima chifukwa cha zimenezo. Akatswiri amene anapatsidwa kuti aiunike anabweza mafunso, ndipo limodzi linali la mizere iwiri yopanda kanthu ija.

"Ayankhe kuti chiyani?" ndinafunsa a Mukhuna.

"Zimene zalembedwa m'kopemo. Kapena mukufuna tinene kuti kunagwa mvula?"

Pambuyo pake mayi aja anatiuza kuti ntchitoyo yavomerezedwa ndipo idzasindikizidwa, koma tsiku silikudziwika. Kuyambira pamenepo ndikangolowa pakhomo a Mukhuna ankafunsa, "Yatuluka?" Ndikati ayi, ankayamba kuwerenga zimene zingalakwike. Mwina envulopu yasochera. Mwina alakwitsa dzina la mwanayu. Mwina nambala ina aikopera molakwika, ndipo kodi alipo amene afananitse ndi kope? Loweruka lomaliza limene ndinawapeza akulankhula anafunsa kawiri, ataiwala kuti afunsa kale. Mpaka lero sinatuluke.

Titachoka kumanda ndinakwera phiri ndekha. Mlongoti anauchotsa. Patsala simenti ya makona anayi ndi mabawuti anayi a dzimbiri otulukira m'mwamba. Thabwa limene ankaikapo bokosi lolandira palibe. Zikhomo zatsala zisanu ndi zitatu, laimu atasuluka, zina anthu anazula kukasonkhera moto. Tiyi wa mbali imeneyo anamudulira, ndipo phiri lonse likuoneka lotuwa. Kunja kunali koyera, moti denga la shedi linkaoneka bwinobwino tsidya lija, laling'ono, lopanda munthu.

Chimene sindinawauze a Mukhuna ndi ichi. Ndinkaopa kuti akachimva asiya, ntchito ya Edina nkuthera m'dilowa. Ndinkaopanso kuti akachimva sasiya, ndipo adzakwera akudziwa. M'mawa umene Edina ankapita ku Blantyre, tsiku la ngozi ija, ndinamuperekeza pa siteji. Anali atakhala kale m'minibasi, chikwama chili pamiyendo, kondakitala akumenya chitseko. Anatsegula windo pang'ono.

"Chiperoni chikagwa ndisanabwere, mukwere ndinu. Amalume asakwere phiri lija, mwamva?"